Bevacizumab: zomwe ndinaona podwazika mchemwali wanga

Khansa ya m'mawere itafalikira, mchemwali wanga anamuyika pa mankhwala otchedwa bevacizumab pamodzi ndi paclitaxel, yemwe ndi kemo (mankhwala opha maselo a khansa), zonse za mudiripi. Womudikirira ndinali ine.

Nzeru ya bevacizumab ndinaikonda nditangoimva. Chotupa sichikula kupitirira mamilimita awiri ngati chilibe mitsempha yakeyake ya magazi, ndiye chimatulutsa puloteni yotchedwa VEGF yoitanira mitsempha yatsopano. Bevacizumab amagwira VEGF ija kuti chotupa chikhale ndi njala. Ganizoli analiyambitsa dokotala wa ku America, Judah Folkman, mu 1971.

Poyamba chotupa chinaphwa ndithu, mitima inakhala pansi. Koma BP inakwera, ndipo m'mawa wina ndi wina ndinkapeza timadontho ta kamfuno papilo. Mkodzo ankauyeza pafupipafupi poopa impso.

Kenako sikani inaonetsa kuti chayambanso kukula. Adokotala anajambula papepala mitsempha yokhotakhota, yodontha, n'kutiuza kuti ya chotupa imakhala choncho, n'chifukwa chake kemo amavutika kwambiri kuti afike pakati. Ndipo chotupa chikasowa mpweya sichingokhala, chimatulukira njira zina zoitanira mitsempha monga puloteni ya FGF, kapena chimangokakamira mitsempha yomwe ilipo kale. Kuchenjera kwake kumeneko kunandikwiyitsa, kunena zoona.

Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza bevacizumab pa khansa ya m'mawere mu 2008, n'kuchotsa chilolezocho mu 2011 poona kuti satalikitsa moyo. Ife anatipatsa miyezi ingapo yopumako, sindikana. Koma wina atandifunsa, ndingamuuze kuti ayambe wafunsa adokotala kuti akuyembekezera chiyani kwenikweni, ndiponso agule makina oyezera BP.