Ansellia pamtengo kapena mumphika: zomwe ndaona kuno ku Mulanje

Mlamu wanga wa ku Luchenza atandigawira tsinde la Ansellia africana, ndinalidula pawiri. Lina ndinalimangirira pamphanda ya jakaranda kuseri kwa nyumba, lina ndinaliika mumphika wadothi pakhonde. Mbewu imodzi, mvula imodzi ya kuno kufupi ndi Chitakale, koma zakula mosiyana kwambiri.

Kwa amene simulidziwa, ndi duwa la mtundu wa orchid, la maluwa achikasu okhala ndi mawanga akuda ngati a kambuku, ndipo mapesi ake amaoneka ngati timizimbe tating'ono. Dzina analitenga kwa John Ansell, amene analipeza pachilumba cha Fernando Po, kumadzulo kwa Africa, mu 1841, koma kuno kwathu limamera lokha m'mitengo ya kumadera otentha. Siliyamwa mtengo ayi. Mayi anga anakangana nane mpaka kalekale kuti lipha jakaranda, pomwe ilo limangokhalapo ngati mbalame pachisa. Mizu ina imagwira khungwa, ina yoyera yopyapyala imaloza kumwamba n'kupanga ngati dengu, momwe masamba ogwa amaolera n'kusanduka chakudya chake.

Dengu limenelo ndi limene landichititsa kukonda zapamtengo. Mizu ya duwali imafuna kunyowa kenako n'kuuma msanga. Ife kuno mvula sitiisowa, ndipo June ndi July akafika, nthawi imene duwali limayenera kupuma pouma, chiperoni chimatha masiku angapo chikungowaza. La pamtengo limanyowa, mphepo ikawomba lauma. Jakaranda nayenso amayoyola masamba m'chilimwe, ndiye dzuwa limalowa bwino pomwe duwa likukonzekera kumasula. Pa mango musayerekeze kuliika mkati mwa nthambi, mthunzi wake ndi wandiweyani; mudzangoona masamba obiriwira bii chaka ndi chaka popanda duwa ngakhale limodzi. Bulugama ayi ndithu, amafundula khungwa n'kugwetsa mizu yomwe. Pomanga ndinagwiritsa ntchito nsanza za chitenje osati waya, ndipo ndinamanga zolimba, chifukwa tsinde likamagwedera mizu yatsopano imathyoka nsonga isanagwire. Ndinamanga mu November mvula ili pafupi, ndipo pofika Pasaka nsanza zinali zopanda ntchito.

Vuto lake ndi lakuti chaka choyamba limanyentchera, ndipo October akatentha muyenera kukwera makwerero ndi ndowa. Komanso mukamanga mwamanga. Amene muli m'nyumba za lendi kapena za pa esiteti, tsiku losamuka duwa lidzatsalira eni nyumba.

Mphika uli ndi ubwino wake, sindiunyoza. Chiperoni chikayamba mumaukokera pansi pa denga, likamasula mumauika poti alendo aone. La mumphika linayambanso kuphuka msanga kuposa linzake. Koma ndinalakwitsa poyamba: ndinathira makungwa a paini okhaokha osasefa, ndipo mvula ya Freddy mu March 2023 inapeza mphika uli pabwalo. Makungwa anasanduka phala, chiswe chinalowa kudzera pansi, mizu inada n'kuyamba kununkha. Ndinapulumutsa mapesi atatu okha. Tsopano ndimaika zibenthu za njerwa zowotcha ndi makala akuluakulu otsuka bwino, makungwa pang'ono pamwamba, ndipo mphika ndinauboola m'mbali n'kuukhazika pa njerwa kuti usagunde pansi. Dothi la kudimba lisayandikire n'komwe, ngakhale manyowa a nkhuku. Mphika wapulasitiki umasunga madzi nthawi yaitali, komanso mapesi akatalika umagubuduzika ndi mphepo. Nkhono nazo zimaupeza mphika msanga kuposa mphanda ya mtengo, ndipo zimakonda nsonga zobiriwira za mizu.

Feteleza ndimasungunula pang'ono kwambiri m'madzi, nthawi ya mvula yokha pamene mapesi atsopano akukula. La mumphika ndimalitsukuluza ndi madzi a mvula kuti mchere usaunjikane m'makala. La pamtengo nthawi zambiri ndimaiwala, koma silidandaula.

Ndiye mukandifunsa, kuno kumunsi kwa phiri ndinena pamtengo, bola mtengowo ukhale wanu ndipo ukhale wolowa dzuwa. Mphika ndi wa amene mungathe kuuyang'anira sabata iliyonse. Mbewu pemphani kwa amene ali nalo kale, akudulireni mapesi osachepera anayi ali ndi mizu yake. Zija amagulitsa anyamata m'mbali mwa msewu, zozula m'nkhalango, zisiyeni. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo ma orchid ang'onoang'ono a kumtunda kozizira safanana ndi Ansellia, akatsika kuno amangofota. La pa jakaranda langa chaka chino latulutsa ngala zinayi za maluwa, la mumphika imodzi.