Zithunzi za asayansi akale zapa felemu: ziwiri zabwino, chimodzi ndabweza

Kashopu kena ku Kamwala, mu Lusaka, kaja kamene kamaika ma setifiketi ndi zithunzi za ukwati mu felemu, manje kayamba kugulitsanso zithunzi zakale za sayansi. Ndinatenga zitatu zoti ndipachike mu chipinda chimene ana amawerengeramo, ndiye ndati ndikuuzeni zimene ndaona musanataye ndalama zanu.

Chopambana ndi cha utitiri. Inde utitiri, musaseke. Anachijambula ndi Robert Hooke ku London, chinatuluka m'buku lake la Micrographia mu 1665, ndipo munthuyu anachita kuika kachilomboko pansi pa maikulosikopu n'kujambula ndi manja chilichonse chimene diso lake linaona, timiyendo, tiubweya, kakamwa koyamwira magazi, zonse. Pa pepala kamaoneka ngati chilombo choti chingakugwetse pansi. Apa pulinti yake ili bwino zedi, mizere yonse ikuoneka, ndipo ana akangolowa amayamba kufunsa mafunso osatha mpaka mutu kuwawa.

Chachiwiri ndi cha mwezi, chojambulidwa ndi Galileo, wasayansi wa ku Italy, cha mu 1610. Nthawi imeneyo ophunzira ambiri ankakhulupirira mawu a Aristotle, wanzeru wakale wa ku Greece, oti zakumwamba n'zosalala zopanda chilema, koma Galileo atayang'ana ndi telesikopu yake anaona mapiri ndi maenje, mithunzi ikusuntha malinga ndi dzuwa, n'kujambula momwemo. Chithunzichi chilibe mitundu yambiri, mlendo wina anandifunsa ngati ndi chitumbuwa chopserera, koma ine ndimachikonda chifukwa ukafotokozera mwana kuti bambo ameneyu sanangovomera zomva kwa akuluakulu, anapita kukayang'ana yekha, amamva msanga kuposa kumuwerengera notsi.

Manje vuto linali pa chachitatu, cha mafupa a munthu cha Andreas Vesalius, 1543. Nkhani yake ndi yokoma maningi. Kwa zaka zoposa 1,000 madokotala ankatsatira zolemba za Galen, dokotala wakale wachigiriki, pamene Galen uja ankang'amba anyani ndi nkhumba osati anthu. Vesalius ku Padua, ku Italy, anayamba kung'amba yekha mitembo ya anthu n'kupeza kuti mwachitsanzo nsagwada yam'munsi ndi fupa limodzi, osati awiri monga Galen ananenera. Koma pulinti imene anandipatsa, abale, anangotenga kachithunzi kakang'ono pa intaneti n'kukakoka mpaka kukula, ukayandikira nthiti zonse zasanduka timabokosi. Chithunzi chimene ulemerero wake uli m'timizere ting'onoting'ono, ndiye timizereto palibe. Ndinabwerera nacho, amdala apashopu anayamba ndi kunena kuti "amayi, zakale zimaoneka choncho", ndinangowaonetsa cha utitiri chija pambali pake ndipo anavomera kuti apulintanso. Pamenepo ndiwayamike, sanakangane nane.

Mafelemu ndi a thabwa ndithu osati pulasitiki, makona ake analumikiza bwino. Galasi lokha limanyezimira kwambiri, mukapachika moyang'anana ndi windo muzingodziona nokha, ndiponso kawaya kakumbuyo n'kofewa, ine ndinasintha. Mtengo ndi wokwerako koma amalola kukambirana mukatenga zingapo. Asakunamizeni kuti ndi za orijino, ndi makope chabe.

Chimene chinandikhumudwitsa pang'ono n'chakuti pashelefu ponse ndi azungu okhaokha, ngati kuyesa zinthu kunayambira ku Ulaya. Ndinafunsa za Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra, ku Iraq, amene anagwira ntchito ku Cairo (ya ku Egypt, osati Cairo Road yathuyi) zaka pafupifupi 600 Galileo asanaloze telesikopu kumwamba. Ibn al-Haytham ameneyu ankayesa kuwala m'chipinda chamdima chokhala ndi kabowo, ndipo anatsutsa zoti maso amatulutsa kuwala, anati kuwala ndi kumene kumalowa m'maso. Amdala aja anati akapeza chithunzi chooneka bwino apulinta, ndawasiyira dzinalo pa kapepala. Mukapitako muwakumbutse, ndipo muwauze akuonetseni pepala lisanalowe mu galasi.