MBA ya pa intaneti: aphunzitsi ndi abwino, koma ofesi ya fizi yandipweteka mtima

MBA ya pa intanetiyi, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, ndikuipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Ziwiri zimene ndachotsazo ndi chifukwa cha ofesi ya fizi komanso mnyamata uja wolembetsa anthu, osati aphunzitsi.

Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa loji ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndiye masiku amene alendo amadzaza. Mtima unali pa MBA ya ku yunivesite ya MUBAS, koma zomakwera minibasi kudutsa Liwonde ndi Zomba kukalowa m'kalasi ku Blantyre, abwana sakanandilola. Choncho ndinatenga ya pa intanetiyi, pa mtengo wochotserako umene ankaulengeza pa Facebook. Ndisanalipire kanthu ndinayamba ndafufuza ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ngati pepala lake lili lovomerezeka kuno kwathu. Izi musazidumphe, chifukwa digiri yotchipa imene abwana anu kapena boma sangaizindikire ndi ndalama zotaya.

Tsopano nkhani yanga. Ndisanalembetse, mnyamatayo ankandiimbira m'mawa ndi madzulo. Ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti popeza fizi ndi ya madola, ndipo madola kuno amavuta, zidzatani banki ikachedwetsa? Iye anati: "Mayi, musadandaule. Mukangotitumizira kalata ya ku banki, palibe amene angakutsekereni." Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kusaina.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Malipiro anga a pa mwezi sanasunthe, koma fizi inakwera pafupifupi ndi theka. Ndinathamanga uku ndi uku, ku banki mkhonde, kwa achimwene, mpaka ndalama zinakwana. Ndinapita nazo ku banki pa boma, ndipo anandiuza kuti ndidikire pa mzere wa ofuna ndalama zakunja. Kalata anandipatsa, ndinaijambula n'kuitumiza ku sukulu tsiku lomwelo.

Usiku wopereka asayimenti ya phunziro la kasamalidwe ka ndalama, magetsi anali atazima. Laputopu ndinaitchajira ku ntchito masana, bandulo ndinagula, ndinakhala pakhonde chifukwa m'nyumba kutentha kwa Mangochi kunalibe chisoni, udzudzu ukundimaliza miyendo. Ndikulowa pa akaunti yanga, ndinangoona zilembo zofiira: yatsekedwa chifukwa cha ngongole. Ngongole iti, ndalama zili ku banki, umboni anaulandira? Ndinaimbira mnyamata uja, foni imangoitana. Pa WhatsApp uthenga anauwerenga, timizere tija tinasanduka tabuluu, koma zii. Munthu yemweyo amene ankandiimbira ngakhale ndili ku tchalitchi! Ofesi ya fizi inandiyankha ndi imelo ya makina, yoti ndidikire masiku a ntchito. Itadzayankha yeniyeni, inali yondiuza kuti andiwonjezera chindapusa chochedwa kulipira, nachonso m'madola. Ndinalira, sindikubisa. Si ndalama zokha ayi, koma kundisandutsa wakuba pamene ndinachita zonse zimene anandiuza.

Komabe ndisanamizire onse. Mphunzitsi wa phunzirolo ndinamulembera mwachindunji usiku womwewo, ndipo m'mawa mwake anali atayankha kuti nditumize ntchitoyo pa imelo, aichonga. Anaichongadi, ndi ndemanga zake tsamba lililonse, mpaka kundisonyeza pamene ndinasakaniza phindu la pa pepala ndi ndalama zenizeni zili m'manja. Phunziro limeneli landithandiza kale. Loji yathu imadzaza pa Khirisimasi ndi pa Isitala, koma Januwale ndi Febuluwale mvula ikamagwa zipinda zimakhala pululu pamene antchito akufunika malipiro. Ndinakonza ndondomeko ya chaka chonse yosungira ndalama za miyezi yowumayo, abwana anaivomera, ndipo pano sitikongolanso kwa ogulitsa chambo.

Makanema a maphunziro amatheka kuwasunga pa laputopu, ndiye ndimawatsitsa usiku ndi bandulo yotchipa n'kumaonera pamene netiweki yavuta. Gulu la anzanga a m'kalasi, ena a ku Zambia ena a ku Kenya, nalonso limalimbikitsa.

Ndiye kodi mulembetse? Ngati ntchito siikulolani kuchoka, ndipo mungapirire fizi yoyenda ndi dola, maphunzirowo ndi enieni. Koma chilichonse chimene wolembetsa akukulonjezani pa foni, muuzeni achilembe pa imelo, makamaka za kuchedwa kwa banki ndi za chindapusa. Funsaninso ngati pali njira yolipirira m'makwacha. Ine akaunti anaitsegula madola atafika, koma chindapusa chija sanandibwezere mpaka lero, ndipo ndikuchilondolabe.