Ngalande ya pansi pa nthaka ndi pampu yake patadutsa nyengo ziwiri za mvula

Bilu yotsukira mapaipi imene ndalandira sabata ino ndiyo yandichititsa kulembanso za ngalande yokwiriridwa pansi imene kampani ina inaika kuzungulira nyumba yanga. Nyumbayi ili m'mphepete mwa dambo lolowera m'nyanja, kotero madzi a pansi pa nthaka sakhala patali, ndipo kale mvula ikagwa motsatizana makoma ankanyowa m'munsi mpaka penti kusupuka. Amisiri anakumba ngalande, n'kuyalamo paipi ya mamilimita 100 yokhala ndi timabowo, yokulungidwa m'nsalu yosefera ndi kukwiriridwa ndi miyala. Madzi onse amakathera m'dzenje momwe muli pampu ya magetsi.

Zambiri zikugwira ntchito bwino. Mapaipi otsitsa madzi a padenga anawatalikitsa kuti azikathira kutali ndi maziko, ndipo ichi chokha chinachepetsa vuto kwambiri, pakuti mvula ya mamilimita 20 ikagwa padenga la masikweya mita 100 imapereka malita 2,000. Pampu imadziyatsa yokha madzi akakwera m'dzenje. Valavu yoletsa madzi kubwerera sinandikhumudwitsepo, ngakhale pamene nyanja inadzaza n'kumiza kukamwa kwa paipi yotulutsira madzi.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi matope ofiira. M'nyengo yachiwiri ya mvula pampu inayamba kulira mwa apo ndi apo ngakhale kunja kukugwa chimvula, pomwe nthaka ya m'mbali mwa khoma inali kuchita thaphwi. Nditatsegula chivundikiro cha dzenje ndinapeza zinthu zoterera zooneka ngati dzimbiri zitamata makoma a dzenjelo, pampu, ndi kachipangizo koyandama kamene kamayatsa pampuyo, moti kankalephera kukwera bwino. Mmisiri wotsuka mapaipi anandifotokozera kuti nthaka ya m'dambo, chifukwa chokhala m'madzi nthawi yaitali, imasowa mpweya, ndipo ayironi (chitsulo chopezeka mwachilengedwe m'nthaka) amasungunuka m'madziwo osaoneka. Madziwo akangolowa m'paipi n'kukumana ndi mpweya, ayironi uja amasanduka dzimbiri, ndipo pali mabakiteriya amene amakhalira ayironi yemweyo, amene amapanga zoterera zimene zimagwira dzimbirilo pamodzi ndi mchenga. Malo oyamba kutsekeka ndi nsalu yosefera ija, kenako timabowo ta paipi. Ndiye kuti nsalu imene ndinalipira ngati chowonjezera choteteza ndiyo inafulumiza kutsekekako.

Kutsuka kwenikweniko sikovuta, chifukwa amangopopera madzi amphamvu m'paipi. Chovuta n'chakuti amene anaika ngalandeyi sanasiye polowera paliponse, kotero kuti panafunika kukumba pakona ya nyumba, kudula paipi, ndi kuilumikizanso ntchito itatha. Gawo lalikulu la bilu ndi la kukumbako. Komanso matopewa sachoka mpaka kalekale, popeza ayironi ali m'madzi a m'nthakamo ndipo azibwera chaka ndi chaka. Ena anandilangiza kuthira kolorini kapena asidi, koma ndinakana, chifukwa zonse zotuluka m'paipiyi zimakathera m'dambo momwe muli nsomba ndi achule, ndipo mankhwalawo safika kunja kwa paipi kumene nsalu yamatidwa.

Maganizo anga pa ngalandeyi amasintha ndi tsiku. Usiku wa mvula yamkuntho, ndikamva pampu ikulira ndipo pansi pa nyumba pali pouma, ndimaona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Ndikayang'ana bilu, mtima umawawa, makamaka ndikakumbukira kuti zizindikiro zinalipo poyera. M'mphepete mwa dambo, pomwe madzi amatuluka m'nthaka, pamakhala pofiira ndipo pamwamba pa madzi pamaoneka ngati pathiridwa mafuta. Munthu amene ntchito yake ndi ya ngalande amayenera kudziwa tanthauzo la zimenezi, ndipo kuyeza kuchuluka kwa ayironi m'madzi ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kukumba kuzungulira nyumba yonse.

Nditawadandaulira eni kampani, anandiyankha mwaulemu kuti waranti yawo (lonjezo lawo lodzakonza zimene zawonongeka) imakhudza paipi yosweka ndi pampu yowonongeka, osati kutsekeka, kumene iwo amakuwerengera ngati nkhani ya kasamalidwe ka mwini nyumba. Ndinawafunsa kuti ndikanasamala bwanji paipi imene anaikwirira popanda polowera, ndipo funso limenelo sanaliyankhe. Titalemberana makalata kwa nthawi ndithu, anavomera kudzaika malo otsukira m'makona popanda kundilipiritsa ntchito, koma zipangizo ndigule ndekha. Za kuchotsa nsalu ndi kuika paipi ya mabowo akuluakulu, anati imeneyo ndi ntchito yatsopano ya mtengo wake.

Ngalandeyi ndingaiikenso, chifukwa kukonza maziko owonongeka ndi madzi n'kodula kuposa zonsezi, koma sindingabwerere kwa anthu omwewa. Mtengo umene anandiuza pachiyambi sunali wonse, chifukwa kutsuka kwa chaka ndi chaka ndi magetsi a pampu sanazitchule n'komwe, ndipo pangano la malo otsukira lija mpaka lero sanalilembe papepala.