Ndemanga: Maphunziro a gofu a zochita musanamenye mpira

Maphunzirowa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo kumene kwapita yachisanuyo ndikuuzani kutsogoloku. Amene mukuganiza zolipira dziwiranitu kuti aphunzitsiwa sakonza kamenyedwe kanu. Chidwi chawo chonse chili pa timasekondi tija toyambira pamene mwaima kumbuyo kwa mpira mpaka pamene ndodo yanyamuka, zimene osewera gofu amazitchula kuti pre-shot routine. Ambirife gofu amatikanika pomwepo, ndipo ndalama yanga inagwira ntchito pomwepo.

Ine ndimasewera kumapeto kwa sabata basi, pa bwalo lina kuno kummwera. Vuto limene ndinapita nalo ndi limene anzanga ambiri ali nalo: pa range, malo oyesererapo kumenya, mpira umawongoka bwinobwino, koma pa tee yoyamba, pomenyera mpira woyamba wa masewero, anthu ali pakhonde la kalabu maso ali pa iwe, mpira womwewo umathawira m'tchire kudzanja lamanja.

Tsiku loyamba aphunzitsi anandiuza kuti ndingomenya mipira monga ndimachitira masiku onse, iwo n'kumajambula pa foni. Poonera kanemayo sanalabadire n'komwe za manja kapena chiuno. Ankaimitsa kanema ndodo isananyamuke, n'kubwereza. "Achimwene, taonani apa. Mpira uwu mwayeserera kawiri, uwu simunayeserere n'komwe, uwu mwaima pamwamba pake mpaka mapewa auma." Zinali zoona. Pa 9-iron, ndodo yomenyera pafupi, ndinkangofika n'kumenya, koma ndikagwira driver, ndodo yomenyera kutali kwambiri, ndinkaima nthawi yaitali, maso ali pa mpira, mutu uli pa tchire. Mipira yoipa kwambiri inali ija ndinaiimira nthawi yaitali.

Kenako anagoneka ndodo pansi, mapazi angapo kumbuyo kwa mpira, n'kunena kuti amenewo ndi malire. Kuseri kwa ndodoyo ganizani zonse zimene mukufuna: mpira wagona bwanji, mbendera ili patali bwanji, mphepo ikuchokera kuti, ndodo yoyenera ndi iti. Mukangodumpha ndodoyo, zoganiza zatha. Anandifanizira ndi bawo, kuti katswiri amawerenga maenje manja ali pamaondo, koma akatola njere amangofesa, sabwereranso kukawerenga. Sanabise kuti nzeruyi si yawo. Anaitenga kwa Pia Nilsson ndi Lynn Marriott, aphunzitsi amene anagwirapo ntchito ndi Annika Sörenstam wa ku Sweden, mayi uja anamaliza maenje 18 ndi mikwapulo 59 yokha m'chaka cha 2001. Zimenezi zinandichititsa kuwakhulupirira, chifukwa mphunzitsi amene amatchula kumene anaphunzira sakugulitsani mankhwala achinsinsi.

Gawo limene landithandiza koposa onse ndi la kulunjika. Kale ndinkati ndikulunjika pa fairway, msewu wa udzu wometedwa wopita ku dzenje, koma fairway ndi yotakata, ndipo diso likapatsidwa malo otakata silidziwa pogwira. Aphunzitsi amafuna chinthu chimodzi chaching'ono, monga thunthu la bulugamu amene waima patali uja, kapena ngodya ya denga la nyumba. Mukachipeza, muli chiimire kumbuyo kwa mpira, mumatsitsa maso pang'onopang'ono kuchokera pa thunthulo kubwera kwa inu, mpaka mutapeza kanthu kali pafupi ndi mpira pa mzere womwewo: tsamba louma, kachidutswa ka kamtengo koikapo mpira, kapena pamene udzu wasintha mtundu. Ndiye mukafika pa mpira mumayamba mwalunjikitsa nkhope ya ndodo pa kanthuko, mapazi amabwera pambuyo. Jack Nicklaus, amene anapambana mipikisano ikuluikulu 18, ankachita zomwezi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kulunjika pa tsamba lili mita imodzi patsogolo panu n'kosavuta kusiyana ndi kulunjika pa mtengo uli mamita 200, makamaka mutaima chammbali monga timaimira pa gofu. Ambirife timayamba ndi kuponda mapazi kenako n'kuika ndodo, ndipo thupi limakhala litaloza kale kumanja tisanadziwe.

Zotsalazo n'zachidule. Kuyeserera kamodzi kuseri kwa malire, kuyenda kupita pa mpira, nkhope ya ndodo, mapazi, kuyang'ana chandamale kawiri, kutulutsa mpweya, kumenya. Sanandikakamize kutengera ndondomeko ya munthu wina. Anati katswiri wa ku Australia Jason Day amatseka maso kuti awone kaye mpira ukuuluka m'mutu mwake, ena amagwedeza ndodo, ena sagwedeza. Chachikulu n'chakuti ikhale yanu, ikhale yaifupi, ndipo ikhale yomweyomweyo kaya mukumenya mpira woyamba kaya womaliza umene wagona kubetcha konse.

Pa nkhani ya kufupika aphunzitsi anali ouma mtima, ndipo ndimawayamikira. Ankayeza nthawi ndi foni. Malamulo a gofu amene mabungwe oyang'anira gofu a R&A ndi USGA anawakonzanso mu 2019 amalimbikitsa kuti munthu amenye pasanathe masekondi 40 nthawi yake ikakwana, ndipo iwo ankafuna kuti ndizimaliza ndisanayandikire n'komwe pamenepo. Anandikumbutsa za Sergio García pa US Open ya 2002 ku Bethpage, amene ankagwira ndodo n'kuitaya, kugwira n'kuitaya, mpaka owonerera anayamba kumuwerengera mokweza, komanso za Kevin Na amene pa Players Championship ya 2012 ankavutika kuti ayambe kumenya. Amenewa ndi akatswiri enieni, koma maganizo atalowa pamalo omenyera anawamanga manja. Ndondomeko yotalika si ndondomeko, ndi mantha chabe, komanso imatopetsa anzanu amene akudikira kumbuyo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Ndinazionera ndekha tsiku lina la chiperoni, pa dzenje la par 3, lalifupi loyenera kutha ndi mikwapulo itatu, limene kutsogolo kwa green, malo a udzu wosalala pamene pali dzenjelo, kumadutsa kamtsinje. Ndinazula tiudzu n'kutiponya m'mwamba, tinabwerera kumaso kwanga. Ndinasankha 6-iron, ndinapeza tsamba langa, ndinaima. Nditayang'ana mbendera kachiwiri mphepo inakula, mtima n'kuyamba kunena kuti ndodoyi yachepa. Aphunzitsi anali atandiuza kuti chikayikiro chikakupezani muli pa mpira musalimbane nacho, bwererani kuseri kwa malire. Ndinabwerera, caddie wanga, wondinyamulira ndodo, anandipatsa 5-iron imene imafika patali kuposa 6-iron, ndinayambiranso zonse kuchokera pachiyambi, ndipo mpira unakatera pa green, kutali ndi mbendera koma pouma. Kubwerera kumeneko kunatenga masekondi ochepa, ndipo palibe amene anadandaula.

Chinanso chimene sindinkayembekezera n'chakuti anandiphunzitsa malamulo okhudza zomwezi. Ndodo yogoneka pansi ija, ngakhalenso timitengo tiwiri tolunjikira timene anthu amagula, ndi za pophunzira basi. Pa masewera enieni simuloledwa kuika chinthu pansi kuti chikuthandizeni kulunjika kapena kuima, ndipo chilango chake ndi mikwapulo iwiri. Malire aja amayenera kukhala m'mutu. Koma lamulo limene likutikhudza kwambiri kuno kwathu, kumene pafupifupi aliyense amasewera ndi caddie, ndi lakuti caddie asaime dala kumbuyo kwanu pa mzere wa mpira pamene mwayamba kuponda mapazi kuti mumenye. Haotong Li wa ku China anadulidwa mikwapulo iwiri chifukwa cha zimenezi pa green yomaliza ya Dubai Desert Classic mu Januwale 2019. Pa mabwalo athu ndimaonabe anyamata ataima kumbuyo kwa abwana awo n'kumati "pang'ono kumanzere, bwana", ndipo wosewerayo amazolowera kulunjikitsidwa ndi munthu wina. Tsiku la mpikisano amapezeka alibe pogwira.

Tsopano za nyenyezi yosowayo. Maphunziro onse anachitikira pa range, pamalo osalala, mipira ili mulu pambali. Gofu weniweni sali choncho. Amene anasewerapo ku Zomba kapena ku Mulanje akudziwa kuti nthawi zambiri phazi lina limakhala pamwamba lina pansi, mpira uli m'udzu wautali kapena pa dothi louma gwa. Pamenepo ndi pamene ndondomeko imayesedwa, ndipo pamenepo aphunzitsi panalibe. Nditafunsa zoti tiyende limodzi maenje angapo anati zimenezo zili ndi mtengo wake wapadera, chinthu chimene sanandiuze polipira. Zinandiwawa, chifukwa mtengo woyambawo unali kale wosatsika kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi.

Za putter, ndodo yogubuduzira mpira m'dzenje, nazonso anangozidutsa chothamanga kumapeto. Munthu amagwira putter pafupifupi pa dzenje lililonse, kambirimbiri kawiri, ndipo pa green ndi pamene mtima umagunda kwambiri. Kuwerenga kutsetsereka kwa green, kusankha liwiro, kudziwa nthawi yosiya kuyang'ana dzenje, zonsezi zimafuna ndondomeko yakeyake, ndipo ndinayenera kuzilumikiza ndekha kuchokera pa zimene ndinaphunzira ndi ndodo zazitali. Panalinso kusinthasintha kwa nthawi, uthenga wa pa WhatsApp n'kumabwera ine ndili kale m'njira. Zimenezi akhoza kuzikonza mosavuta atafuna.

Kodi mpira wanga unasiya kukhotera kumanja? Ayi, ukadakhotabe masiku ena, chifukwa limenelo ndi vuto la kamenyedwe ndipo likufuna maphunziro ena. Chimene chachepa ndi mipira ija yoononga khadi yolembapo mikwapulo, yomenyedwa mtima uli pawiri, imene imasandutsa dzenje la mikwapulo 5 kukhala la 8. Pa tee yoyamba ndimakhala ndi ntchito yochita, kufuna bulugamu wanga ndi tsamba langa, moti za anthu a pakhonde sindiziganiza. Ndimaseweranso mofulumira kuposa kale, ndipo anzanga a Loweruka ndi amene anayamba kuzinena.

Ngati mwangoyamba kumene gofu ndipo mpira sunayambe kunyamuka, sungani kaye ndalama yanu, pezani wokuphunzitsani kagwiridwe ka ndodo ndi kaimidwe. Koma ngati mwasewera kwa zaka, mpira mumaumenya bwino pa range n'kumakanika pa bwalo, pitani. Musanalipire gwirizanani kuti phunziro limodzi lichitikire pa bwalo penipeni ndipo lina likhale la putter lokha, mtengo wake unenedwe poyera. Ngati muli ndi caddie amene mumayenda naye nthawi zonse, mutengeni akamve nawo, kuti adziwe nthawi yoyankhula, nthawi yokhala chete, ndi poima pamene inu mwadumpha malire.