Sienta yathu patatha chaka ndi miyezi inayi: anyamata atatu, katundu wa apongozi ndi njovu ya ku Liwonde

Tsiku limene galimoto yathu ya Toyota Sienta inafika kuno ku Mangochi, itachoka pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndinaitsuka kawiri ngakhale inali isanade. Aliyense wondifunsa masabata oyambirirawo ndinkamuyankha zofanana: mafuta siimwa kwambiri, m'kati ndi motakasuka, ndipo zitseko zam'mbuyo ndi zokoka, choncho ana sangamenyetse chitseko pa galimoto ya eni ake. Tsopano patha chaka ndi miyezi inayi. Mawu amenewo sindikuwabweza, koma anali mawu a munthu amene anali asanapite nayo kwa apongozi.

Yathuyi ndi ya mtundu woyamba uja, umene unapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, wa nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi. Injini ndi ya malita 1.5, giya ndi otomatiki, mipando ilipo isanu ndi iwiri. Inabwera itatumikira kale ku Japan, monga zimakhalira galimoto zambiri za ife anthu wamba. Okwera a tsiku ndi tsiku ndi mayi a kunyumba ndi anyamata athu atatu: chisamba wa zaka 9, wachiwiri wa zaka 6, ndi mzime wa zaka 3, amene ali ndi kampando kake komumangirira.

Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti pa misewu ya kuno, Sienta ndi taxi. Kaya uli ndi banja, kaya wavala tayi, anthu amakuimika basi. Ukamapita ku Monkey Bay manja amakwezedwa pa siteji iliyonse. Tsiku lina nditaima pa Boma kugula mandasi, mayi wina anangokoka chitseko, n'kuyamba kulowetsa beseni la usipa uku akufunsa, "Ku Makawa zingati, achimwene?" Anyamata anga anaseka mpaka kunyumba, ndipo wachiwiri uja kuyambira pamenepo amadzitcha kondakitala. Apolisi a pa roadblock nawonso amasuzumira kuwerenga mitu asanafunse laisensi. Ndinazolowera. Mapepala a inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndimangoonetsetsa kuti ali m'malo.

Mayeso enieni a galimotoyi ndi ulendo wa ku Namwera, kumene kuli makolo a mayi a kunyumba. Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire, msewu umayamba bwinobwino, kenaka umafika pa chitunda cha Chowe chokhotakhota chija. Tikakhala asanu okha imakwera mosadandaula. Tikakhala asanu ndi awiri, kuonjezapo shuga, sopo, mafuta ophikira ndi chambo cha agogo, injini imalira ngati ng'ombe yoitana mwana wake, ndipo ndimathimitsa AC kuti ipeze mpweya. Imafika ndithu, koma osaifulumizitsa. Anyamata amakonda pamenepa chifukwa ukacheuka umaona chigwa chonse cha Shire pansi, ndipo kutentha kwa kunyanja kumatsala m'mbuyo.

Pobwerera ndiye pali nkhani. Apongozi sangalole zidzukulu zichoke chimanjamanja. Thumba la chimanga, nandolo, mbatata, nthochi, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, ndiye pomaliza pamatulukira mlamu amene ali ndi zochita pa Boma. Apa m'pamene ndinaphunzira masamu a Sienta: mipando iwiri yam'mbuyo kwenikweni imapindika n'kulowa pansi pa mipando yapakati, ndipo ikatero buti imakhala yaikulu yoti njinga ya mwana imalowa. Koma ukaidzutsa kuti pakhale anthu, malo a katundu amatsala ongokwana zikwama ziwiri. Umasankha, anthu kapena matumba. Kwa apongozi sumasankha, umatenga zonse. Pa mwezi wachisanu ndi chinayi mashoko akumbuyo anali atatha, galimoto ikugwada pa hampu iliyonse. Makaniko atandifunsa kuti ndimanyamula chiyani, ndinangoyang'ana kumbali. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Za mashoko sananenepo kanthu.

Ndipo si ku Namwera kokha. Foni ya usiku yakuti "Alamu, galimoto ilipo?" yandidzutsa kangapo: wodwala wopita kuchipatala, azakhali ofunika kukawatula ku maliro ku Malindi, chinkhoswe cha msuweni. Amene akuwerengera ndalama zogulira galimoto ya mipando isanu ndi iwiri awerengerenso zimenezi, chifukwa mpando wopanda munthu pa banja lathu la Chimalawi sukhalitsa.

Ulendo umene anyamata amaukambabe ndi wa ku Liwonde National Park. Tinapita mu September, udzu utauma, nyama zitasonkhana kufupi ndi Shire. Kuchoka kuno kukafika ku Liwonde ndi makilomita pafupifupi 75 a tala, kudutsa m'mbali mwa nyanja ya Malombe ndi pa Ulongwe, ndipo pamenepo Sienta ili pakwawo. Zinthu zimasintha ukalowa pa geti. Galimotoyi anaipangira misewu ya m'tauni, mimba yake ili pafupi ndi dothi. Pa makwawa ouma ndi pamene magalimoto akuluakulu anakumba mizere iwiri n'kusiya chulu pakati, ndinkayendetsa tayala limodzi pamwamba pa chulucho, mtima uli m'mwamba poopa kuboola sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Kawiri konse ndinamva kukhuuu pansi. Palibe chinaonongeka kupatula chipulasitiki cha pansi pa injini, chimene mpaka lero chili chomangidwa ndi waya.

Koma zimene tinaona! Mawindo a Sienta ndi aakulu, ndipo chisamba atakhala kumbuyo kwenikweni ankaona mbali zonse ngati ali pa nsanja. Njiri zothamanga michira ili chilili, nswala, achuzu m'dambo, mvuu zitaunjikana m'madzi pansi pa migwalangwa. Chisamba anali atamva kusukulu kuti bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, n'kubweretsanso akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndiye tsiku lonse maso ake ankasaka mkango. Sitinauone. Ndinamuuza kuti njovu zokha zinachuluka mpaka mu 2022 zokwana 263 anazisamutsira ku Kasungu, iye n'kundifunsa ngati zinakwera Sienta.

Cha m'ma 3 koloko, titakhota pa mitengo ya tsanya, tinangoona chimphongo cha njovu chili pakati pa msewu, chikuthyola nthambi. Ndinaima patali, injini ili chilirire, giya ndaika kale pobwerera m'mbuyo. Mzime, amene tsiku lonse ankangofuna bisiketi, anayamba kukuwa, "Adadi, tsegulani, ndikaigwire!" uku akulimbana ndi chitseko. Apa ndiye ndinathokoza kaloko ka ana kamene kali m'mphepete mwa zitseko zokokazo, ndi batani lotsekera mawindo onse limene lili kwa dalaivala. Mayi ake anamutseka pakamwa ndi chitenje. Njovu inatiyang'ana, inakupiza makutu kamodzi, n'kupitiriza kudya. Tinadikira mwina mphindi makumi awiri isanapatuke. M'galimoto ya anyamata atatu simunakhalepo chete wotero, kale kapena pambuyo pake.

M'dzinja sindingayese n'komwe kulowa nayo m'nkhalangomo. Dothi lakuda la kumeneko likanyowa limagwira ngakhale magalimoto okoka ndi matayala onse anayi, pamene yathuyi imakoka ndi akutsogolo okha.

Zimenezi ndinaziona bwino ku Cape Maclear. Msewu wopatuka pafupi ndi Monkey Bay, wodutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, tinayenda popanda vuto. M'mudzi wa Chembe ndinafuna kuimika pafupi ndi madzi kuti agogo asayende mtunda, matayala n'kuzama mu mchenga mpaka bampa kugunda pansi. Anatikankha anyamata a m'mudzimo. Kulakwa kunali kwanga. Kwanganso kunali kusiya windo lotsegula pafupi ndi Otter Point, pamene nyani analowetsa dzanja n'kutenga buledi yense, ana akuonerera. Tsikulo linakoma pamene tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, anyamata n'kuona tinsomba ta mbuna tamitundumitundu tikudya m'manja mwawo ndi nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi. Nkhalango ya Lake Malawi National Park imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba zomwezi, koma ana ambiri a pa Boma pano sanafikeko.

Mchenga wa kunyanja uli ndi vuto linanso. Umalowa mu kanjira kamene chitseko chokoka chimayendamo, chitseko n'kuyamba kulimba ndi kulira. Burashi yakale ya mano ndi girisi pang'ono kamodzi pa mwezi zimathetsa nkhaniyo. Chambo chogula panjira ndimachipachika panja pa galasi la m'mbali monga amachitira aliyense, chifukwa tsiku limodzi limene ndinachiika m'buti dzuwa la October lili pamutu, fungo linakhala nafe milungu iwiri. Mipando yansalu yamwa Sobo, thobwa ndi madzi a malambe. Ndinachedwa kugula zovundikira, musachedwe inu.

Pa za mafuta ndikadali pomwe ndinali. Nthawi imene petulo ankasowa, tikugona pa mizere ku filling station, malita ochepa amene ndinkapeza ankatifikitsa kusukulu ndi kuntchito sabata yonse, anzanga a magalimoto akuluakulu atawaimika n'kukwera kabaza. Zipangizo nazo sizivuta. Poti ma taxi ambiri ndi omwewa, ndipo injini yake ya 1NZ imapezekanso m'magalimoto ena ambiri a Toyota, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa, ndipo mabushi, mabuleki ndi mafyuluta amapezeka pa Boma pomwe pano osapita ku Blantyre. Chenjezo langa ndi limodzi. Giyabokosi ya Sienta yokoka ndi kutsogolo ndi ya CVT, mtundu wapadera wa otomatiki, ndipo imafuna oyilo wakewake. Pa galaja ina mnyamata anali atatsegula kale botolo la oyilo wa otomatiki wamba, mwamwayi ndinali nditaima pomwepo. Mukamasinthitsa, werengani botolo ndi maso anu.

Kodi ndingaigulenso? Pa moyo wathu wa sukulu, tchalitchi, msika, Namwera ndi kunyanja, inde, mosaganiza kawiri. Amene kwawo ndi ku Makanjira ndipo amapitako m'dzinja, kapena amene akufuna kumalowa m'nkhalango mwezi ndi mwezi, afunefune yokwera m'mwamba. Ine ku Makanjira ndimaisiya pakhomo n'kukwera matola.

Tchuthi chikubwerachi anyamata akufuna tibwerere ku Liwonde, ulendo uno tikakwere boti pa Shire kuti aone ng'ona pafupi, ndipo chisamba sanataye mtima pa mkango wake uja. Ndinawauza kuti asauze aliyense. Dzulo madzulo apongozi anaimba foni kufunsa tsiku lonyamuka, n'kunena kuti iwo ndi mdzukulu wawo wina adzatsika ndi minibasi ya m'mawa, tidzawapeze pa mlatho.