Süleymaniye kapena Galata: muyambire pati ku Istanbul?

Malo awiriwa ali mumzinda wa Istanbul ku Turkey, ndipo ndi a nthawi ya ufumu wakale wa Ottoman, koma safanana ngakhale pang'ono.

Mzikiti wa Süleymaniye anaumanga ndi miyala katswiri Mimar Sinan pakati pa 1550 ndi 1557, molamulidwa ndi Sultan Süleyman. Denga lake lozungulira lili mamita 53 kuchokera pansi, ndipo nsanja zoitanira anthu ku swala zilipo zinayi. Pambali pake panali chipatala, masukulu ndi khitchini yodyetsera osauka. Ukalowamo umadziona ngati nyerere, ndipo mwina mfumuyo inkafuna zomwezo.

Galata Mevlevihanesi, nyumba ya Asufi (Asilamu otsindika za uzimu) otsatira mlakatuli Rumi, yomwe inayamba mu 1491, ndi yaying'ono. Chipinda chake chachikulu chili ndi mbali zisanu ndi zitatu, ndipo pansi pake ndi pamatabwa. Apa ndi pomwe madarwishi, omwe ndi Asufiwo, ankazungulira popemphera atavala zoyera, chitoliro cha bango chikulira. Boma la Turkey linatseka nyumba zotere mu 1925, choncho lero ndi malo osungirako zakale, pomwe ku Süleymaniye anthu amaswalirabe kasanu patsiku.

Ine ndingayambire kumzikiti m'mawa, alendo asanachuluke. Azimayi atenge mpango, ndipo nsapato zimavulidwa pakhomo. Ku Galata ndingapite masana.